Kuphunzitsa kadyedwe koyenera m'midzi ya ku Zomba: njira yoyambira pa mphika

Ulendo wanga woyamba wokaphunzitsa za kadyedwe ndinanyamula tchati chachikulu chonyezimira. Panali apozi, soseji, mkaka wa m'paketi, buledi ndi nkhuku yathunthu yootcha. Unali mwezi wa Febuluwale, m'mudzi wina wa njira ya ku Jali, nkhokwe zitayera mbee. Ndinalankhula ola lathunthu, amayi n'kuwomba m'manja, nyimbo n'kuimba. Ndikupinda tchati changa, gogo wina amene anangokhala duu nthawi yonseyo anati, “Adokotala, tamva ndithu. Koma ife lero tigonera nkhwani. Pachithunzi chanupo nkhwaniwo uli pati?” Panalibe. (Kumudzi aliyense wa zaumoyo ndi adokotala, ngakhale ife oyenda panjinga.)

Chiyambire tsiku limenelo tchati chimakhala m'chikwama, chimatuluka kumapeto ngati chikufunika. Zimene ndalemba pano ndi ndondomeko imene ndimatsata masiku ano, ndipo ndikulembera alangizi a zaumoyo anzanga, anamwino a kusikelo, mapulomota ndi atsogoleri a makeyagulupu (magulu a makomo oyandikana ophunzitsana za kadyedwe ndi zaumoyo), ngakhalenso a mpingo ndi a mzikiti amene amapatsidwa mpata wolankhula ndi amayi.

Ntchito ilipo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, amene anachitidwa ndi ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero ya NSO yomwe likulu lake lili mumzinda wathu womwe uno, anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47. Chiwerengerocho chinatsika, koma mwana mmodzi mwa atatu akadali momwemo. Vuto la kupinimbira n'lakuti silioneka ngati matenda. Mwanayo amasewera, amaseka, anthu n'kumati watengera msinkhu wa kwa bambo ake. Zimadzaonekera m'kalasi, ndipo nthawi yokonza imakhala itapita.

Choyamba: funsani zimene zinadyedwa dzulo

Sabata imodzi kapena ziwiri musanaitanitse msonkhano, yendani m'makomo 10 kapena 15 mulibe phunziro lililonse m'manja. Safunsa anadya phula. Koma funso lakuti “Mumadya chiyani?” n'losathandiza, chifukwa yankho lake aliyense analoweza: nsima, nyemba, nsomba, pena nyama. Funsani za dzulo lenilenilo. “Mwanayu atadzuka dzulo analawa chiyani? Nanga dzuwa lili paliwombo? Madzulo? Anadyera m'mbale yake kapena pamodzi ndi azikulu ake?” Apa ndiye mumva zoona: phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira mchere m'mawa, masana nsima yonyowetsa mu msuzi wa matemba, matemba enieniwo atadya akuluakulu, madzulo chimodzimodzi.

Funsaninso kuti ndalama amasunga ndani, kumsika amapita ndani, ndipo mayi akapita kumunda kapena kuganyu mwana amatsala ndi yani. Kwathu kuno mabanja ambiri ndi a chikamwini, choncho mayi wa mwana amakhala khomo loyandikana ndi mayi ake omubereka. Agogo amenewo ndi amene amalamula zolowa m'kamwa mwa mdzukulu. Mukawasiya kunja kwa phunziro, zonse mwanena zikathera panjira.

Mukatha m'makomo, pitani kumsika pa tsiku lake, kaya ndi ku Jali, Mayaka, Thondwe kapena Songani, mukaone chotsika mtengo mwezi umenewo. Zomba si malo amodzi. Chakumunsi ku Kachulu ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kuli matemba, milamba ndi mpunga. Kuphiri ndi m'tsinde mwake kuli mbatatesi, nthochi, mapeyala ndi zipatso zina. Kumtunda konse kuli nandolo, chinangwa ndi mbatata. Kumbukiraninso kuti Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo imaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Chaka chotero phunziro lodalira nsomba limagwa, muyenera kukhala ndi lina la nandolo, soya ndi mazira. Ndipo m'madera amene muli Asilamu ambiri, monga cha ku Domasi ndi Malosa, musakayambe kutama mbewa kapena nkhumba ngati chitsanzo cha zanyama. Anthu sakutsutsani pamaso, adzangosiya kubwera.

Chachiwiri: amfumu, tsiku ndi malo

Apa sipafunika zambiri. Kaonekereni kwa anyakwawa, ngati n'kotheka ndi kwa agulupu, muwafotokozere zimene mwaona m'makomo popanda kutchula dzina la munthu. Gulu likhale laling'ono. Keyagulupu inakonzedwa kuti mtsogoleri mmodzi aziyendera makomo 10 mpaka 15, ndipo anthu ophika pamodzi asapitirire pamenepo, chifukwa akachuluka ena amangoonerera. Pewani tsiku la msika, Lachisanu masana, ndi m'mawa wa nyengo yopalira. Kukagwa maliro, sinthani tsiku musanauzidwe. Malo akhale pakhomo pa munthu pamene pali mafuwa, mthunzi ndi madzi, osati m'kalasi.

Chachitatu: tiyambe takonzana tokha a zaumoyo

Gawo ili ambiri timalilumpha. Mayi akamva kwa anamwino kuti mwana ayambe phala pa miyezi 6, kwa alangizi amve kuti angathe kuyamba pa miyezi 4 ngati akulira kwambiri, kwa wothandiza pa sikelo amvenso zina, amabwerera kwa agogo, amene mawu awo sasintha. Choncho musanapite kumudzi khalani pansi nonse a pachipatala chanu, ngakhale kwa mphindi 30 pambuyo pa sikelo, mugwirizane mauthenga 5 kapena 6 amene aliyense azinena mofanana, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Muitanenso mlangizi wa zaulimi wa dera lanulo, chifukwa mbewu ndi ziweto zili m'manja mwake. Yesezani nonse kuyeza mwana mmodzi yemweyo ndi tepi ya MUAC, yoyezera kunenepa kwa mkono pofuna kudziwa ngati mwana wanyentchera. Mudzadabwa kuona anthu atatu akupeza manambala atatu.

Kenako pali nkhani ya kamwa yathu. Tonse tinamvapo, mwina tinanenapo, mawu aja akuti “Mayi inu, mwana mpaka kufika apa mumaona chiyani?” pamzere wa sikelo, anthu onse akumva. Mayi wonenedwa choncho mwezi wotsatira sabwera, ndipo amene sabwerayo ndi amene timamufuna kwambiri. Njira imene imagwira ntchito ndi iyi. Funsani kaye ndipo mumvetsere mpaka amalize. Pezani chimodzi chimene akuchita bwino mumuyamikire, ngakhale kungoti wabwera ndi buku la mwana. Mupatseni chinthu chimodzi choti akasinthe, chimene angathe ndi zimene ali nazo. Pomaliza mufunseni kuti anene yekha zimene akachite akafika kunyumba. Musafunse kuti “Mwamva?” chifukwa palibe amene amayankha kuti ayi.

Chachinayi: magulu 6 a zakudya, pamphasa

Uzani aliyense abwere ndi kachakudya kamodzi kochokera pakhomo pake, kakang'ono kokha. Yalani mphasa, ikani malichero kapena mbale 6, ndipo anthu aziika okha chilichonse m'gulu lake, akukangana, inu muli chete.

Zokhutitsa ndi chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, mapira, nthochi zophika. Za m'gulu la nyemba ndi nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza. Zanyama ndi matemba, usipa, bonya, mazira, mkaka, nkhuku, mbuzi, ngumbi ndi ziwala. Zamasamba ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, khwanya, luni, therere, mpiru. Zipatso ndi mango, papaya, magwafa, masuku, bwemba, malambe, nthochi zakupsa. Zamafuta ndi mafuta ophikira ndi mapeyala. Pa mapeyala nthawi zonse pamabuka mkangano, chifukwa aliyense amafuna kuwaika ku zipatso. Asiyeni akangane, chimene munthu wakanganirapo saiwala.

Zonse zikakhala m'malo mwake, bwererani ku mayankho a dzulo aja. Tengani mbale yopanda kanthu, muikemo zimene mwana wa m'mudzimo anadya dzulo, anthu awerenge okha magulu. Kawirikawiri amakhala awiri, zokhutitsa ndi zamasamba. Uthenga wa boma ndi wakuti tidye magulu onse 6 tsiku lililonse, ndipo ndi wolondola, koma mukauza mayi wa magulu awiri kuti mawa afike pa 6 amangoseka mumtima. Mufunseni kuti, “Pa mphasa apa, n'chiyani chimodzi chimene mungawonjezere mawa osagula?” Wina anena nsinjiro, wina papaya wa kuseri kwa bafa amene amadya ndi mbalame zokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tengani mpata umenewu kukweza ndiwo zimene anthu amazinyoza. Chisoso ndi bonongwe amati ndi za amphawi, kabichi ndiye ya alendo, chonsecho masamba obiriwira kwambiriwa ndi amene ali ndi vitamini A ndi ayironi wambiri kuposa kabichi woyera uja.

Chachisanu: phikani phala, aliyense agwire mthiko

Pano ndi pamene pagona phunziro lonse, ndipo musathamange.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda. Ngati pakhomopo palibe mpondagiya, pangani pomwepo ndi kachigubu, chingwe ndi timitengo, anthu aone kuti sizitenga nthawi. Mwana wotsegula m'mimba mwezi ndi mwezi sanenepa ngakhale adye bwino chotani, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 tonse tikuikumbukira.

Ufa ukhale wa mgaiwa. Ufa woyera timaukonda, koma pokonola ndi poviika zambiri zofunika m'thupi zimapita ndi madeya n'kukadyedwa ndi nkhuku. Sindiuza anthu kuti asiye nsima yoyera, nkhondo imeneyo simungapambane. Ndimangoti phala la mwana lokha likhale la mgaiwa.

Patulani amayi awiri asankhe mtedza. Uliwonse wonyala, wobooka, wakuda kapena wa chuku utayidwe kudzala, usapatsidwe ana kapena kusinjidwa. Chizolowezi chathu n'chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wotsalira, pamene poizoni wa chuku amakhala mu wotsalirawo, ndipo satha ndi kuphika. Amawononga chiwindi. Wosankhidwa bwinowo usinjidwe, usefedwe.

Ena awiri atenge matemba kapena usipa wouma, achotse mchenga, akazinge pang'ono pa chiwaya popanda mafuta, asinje ndi mitu ndi minga yomwe mpaka ukhale ufa, asefe. M'mitu ndi m'mingamo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Ufa umenewu ukasungidwa m'botolo louma lotseka bwino umakhala masiku angapo, ndipo kamulu kamodzi ka matemba kamene akuluakulu akanamaliza pa chakudya chimodzi kamakwanira mwana masiku ambiri. Mfundo imeneyi abambo amaimva msanga.

Tsopano phikani. Pa mwana mmodzi, masupuni atatu a mgaiwa ndi supuni imodzi ya nsinjiro. Phala likabwadamuka n'kupsa, thirani supuni yaing'ono ya ufa wa nsomba ndi masamba ofewa, monga nkhwani kapena bonongwe, odula tating'onoting'ono kapena osinja, zipse kwa mphindi zochepa. Mukatsala pang'ono kuphula, thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Mafutawo amawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba, komanso vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Tsiku lina m'malo mwa nsomba muswere dzira n'kutakasa mpaka lipse. Tsiku lina mupotere mbatata yofiira mkati, kapena nthochi. Sikuti zonse zilowe tsiku limodzi.

Ndiye chitani ichi, chimene sindilumpha ngakhale mvula ikubwera. Phikani pambali kaphala kamadzimadzi kamene anthu anazolowera. Tapani supuni ya phala lililonse, mupendeketse onse akuona. Lamadzi lija limayoyoka ngati thobwa, lolimba bwino limakakamira pa supuni n'kugwa mochedwa. Kenako onetsani kapu ya tiyi ndi kunena kuti kamimba ka mwana wa miyezi 8 sikaposa apa. Mukakadzaza ndi madzi, chakudya chilowa pati? Amayi ambiri amasukusa phala poopa kuti mwana atsamwa kapena adzimbidwa, choncho musangowauza, mwana mmodzi adye pomwepo iwo akuona.

Za muyeso, gwiritsani ntchito kapu imene ili pakhomopo ya mamililita 250. Wa miyezi 6 mpaka 8 ayambe ndi masupuni 2 kapena 3, kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu, kawiri kapena katatu pa tsiku. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye theka la kapu katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri adye chakudya cha banja lonse chodulidwa bwino, pafupifupi kapu yodzaza, katatu kapena kanayi, ndi zotolatola kamodzi kapena kawiri. Onsewa akuyamwabe. Ndipo mwana akhale ndi mbale yakeyake, wamkulu akhale naye pafupi mpaka amalize. M'mbale ya gulu wamng'ono amatola kawiri azikulu ake atatola kakhumi.

Ngati m'mudzimo muli soya, onetsani kakonzedwe kake, chifukwa ambiri anamusiya kaamba ka fungo. Musamunyowetse ndi madzi ozizira. Muthireni wouma m'madzi owira kale, pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira, aphike pafupifupi mphindi 30, mutsuke n'kuchotsa makoko, muyanike. Popita kuchigayo sakanizani makapu 4 a chimanga ndi kapu 1 ya soya. Muyeso umenewu ndi wofanana ndi wa Likuni Phala.

Pa ndiwo za banja lonse nenani ziwiri zokha: masamba asaphikidwe mpaka kuda, ndipo soda kapena chidulo zichepe chifukwa zimapha mavitamini. Pa therere adzakutsutsani, ndipo ine ndinasiya kulimbana nazo. Ndimangopempha kuti nkhwani ndi mpiru zisathiridwe soda. Mchere ukhale wa ayodini, wosungidwa motseka, wothira chakumapeto.

Chachisanu ndi chimodzi: masiku 1000, agogo ndi abambo

Malawi analowa m'gulu la mayiko lolimbikitsa kadyedwe koyenera la SUN mu 2011, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikunena za masiku 1000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Mauthenga ake tonse timawadziwa. Mayi woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu yoyambirira isanathe, amwe mapiritsi owonjezera magazi tsiku lililonse, awonjezere kachakudya kamodzi pa tsiku, ndipo akamayamwitsa kawiri. Tiyi asamwere pa chakudya chifukwa amatchinga ayironi, m'malo mwake adye gwafa, mango kapena amwe madzi a bwemba. Mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe, mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi. Ayamwe mwakathithi miyezi 6, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, ngakhale mu Okutobala kukutentha. Mayi amene ali ndi HIV nayenso ayamwitse mwakathithi akumwa ma ARV mosadumphitsa, motsatira malangizo a kuchipatala.

Chovuta si mauthengawo, ndi zikhulupiriro zimene akukakumana nazo kunyumba. Akuti woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Akuti mwana wodya mazira adzadwala khunyu. Akuti mayi akaima mwana akadali kubere mkaka wawonongeka, amuletse tsiku lomwelo, ndipo ana ambiri amene timawapeza atanyentchera nkhani yawo imayambira pamenepa.

Musaseke zimenezi pagulu, ndiponso musanene kuti ndi zachikale. Konzani tsiku la agogo okha. Afunseni mmene ankalerera ana, zimene ankatendera, mmene ankafutsira ndiwo. Zambiri zimene anganene ndi zomwe ife tikuphunzitsa, ndiye ziyamikireni mokweza. Mukafika pa mazira, funsani modekha: “Agogo, m'mudzi muno alipo amene anadya mazira ali ndi pakati? Mwana wake ali kuti?” Nthawi zambiri amapezeka, ali ndi tsitsi lodzaza mutu, ndipo amaseka okha. Gogo mmodzi akatembenuka n'kuyamba kuphikira mdzukulu dzira, amakopa anthu ambiri kuposa misonkhano yanu itatu.

Abambo musawaitanire ku “phunziro la kaphikidwe”, sabwera. Apezeni kumene ali kale: pa msonkhano wa amfumu, ku kalabu ya ulimi, pa bawo, padoko. Ndipo nkhani yawo ikhale ya ndalama ndi zokolola. Nandolo asagulitsidwe yense, thumba limodzi litsale. Nkhuku zikaikira, mazira ena akhale a mwana. Msodzi asanagulitse nsomba apatule kambale ka kunyumba. Pobwera kumsika, ndalama imene amagulira mwana kamba ndi fulizesi agulire nthochi kapena dzira. Bambo wa chikamwini nthawi zina amadziona ngati mlendo pa nkhani za ana, choncho kumupatsa ntchito yodziwika kumamulimbitsa mtima.

Chachisanu ndi chiwiri: kuzindikira mwana wofunika kuchipatala

Phunziro lililonse lithe ndi kuyeza ana onse a miyezi 6 mpaka 59, ndipo amayi aphunzire kuyeza okha. Tepi ya MUAC imaikidwa pa mkono wamanzere, pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkono uli wolendewera, osamanga kwambiri, osalekerera. Ikaonetsa chobiriwira, kuyambira masentimita 12.5, mwana ali bwino. Chikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera, apite kuchipatala sabata yomweyo. Chofiira, osafika 11.5, apite lero. Kenako dinani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3, muchotse. Pakatsala zibowo mapazi onse, mwanayo watupikana ndipo ndi wa lero lomwe, ngakhale tepi ionetse chobiriwira. Mwana amene akukana kudya kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, walefuka kapena akukomoka, musadikire n'komwe tepi.

Pa kutupikana mudzakumana ndi nkhani ya tsempho. Banja likakhulupirira kuti mwana watsemphedwa, limayamba kufufuza amene walakwa pakati pa bambo ndi mayi, masiku n'kumapita. Simungathetse chikhulupiriro chimenechi pa khomo la mwana wodwala. Ine ndimati, “Za kubanja mukambirana, sindilowererapo. Koma mwanayu tipite naye lero, zinazo zichitike iye akulandira thandizo.” Lembani kalata yomutumizira, ndipo mawa lake mukafunse ngati anafikadi.

Akabwera ndi chiponde cha kuchipatala, fotokozani pamaso pa banja lonse kuti ndi mankhwala a mwana mmodziyo. Sichogawana ndi azikulu ake, sichopaka pa chigumu, sichogulitsa pa golosale. Nenani izi mukudziwa kuti pakhomo pamene pali ana anayi anjala, mayi akuvutika mumtima kudyetsa mmodzi ena akuyang'ana. N'chifukwa chake phala lija liyenera kufikanso kwa enawo.

Kumbutsaninso za vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira mwana ali ndi miyezi 6, mankhwala a njoka zam'mimba kuyambira chaka chimodzi, ndi Thanzi ORS pamodzi ndi zinki mwana akatsegula m'mimba. Wodwala asaleke kuyamwa ndi kudya, ndipo akachira awonjezeredwe chakudya chimodzi pa tsiku kwa sabata ziwiri.

Chachisanu ndi chitatu: Febuluwale amakonzedwa mu Epulo

Funso la gogo uja silingayankhidwe mu Febuluwale. Liyenera kuyankhidwa pamene ndiwo zili mbwee. Mu Malichi ndi Epulo konzani tsiku lofutsa: masamba a khobwe, nkhwani ndi bonongwe aviikidwe m'madzi owira kwa mphindi zochepa, ayanikidwe pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi padzuwa pamene nkhuku zikupondapo, kenako asungidwe m'chikwatu kapena m'chigubu chouma. Mu Disembala mango akamawolera pansi, aduleni mapisi muyanike. Pokolola, nsinjiro za mwana zipatulidwe mtedza usanapite kwa mavenda.

Pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi, thandizani makomo kupeza mbewu ya mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, imene ili ndi vitamini A wambiri, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Kadimba ka pakhomo kothirira ndi madzi otsukira mbale, mitengo iwiri ya papaya, nkhuku zolandira katemera wa chitopa, zimenezi n'zokwanira poyambira. Pamene pali banki m'khonde, pemphani mphindi 10 pa tsiku logawana ndalama. Ndi tsiku lokhalo limene funso lakuti “tigule chiyani” limakhala ndi ndalama kumbuyo kwake.

A m'tauni, ku Chinamwali, Matawale, Sadzi kapena Chikanda, mudzapeza zina pamwamba pa zimenezi: mwana wopinimbira ndi mayi wa BP kapena shuga m'nyumba imodzi. Kumeneko onjezani nkhani ya mchere, umene munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Onjezaninso za masupuni a shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera, ndi tchipisi cha pachiwaya chimene chasanduka nkhomaliro ya ana asukulu.

Chomaliza: bwererani pakhomo

Pasanathe sabata ziwiri, inu kapena mtsogoleri wa keyagulupu afike pakhomo lililonse, makamaka nthawi yophika. Funso ndi lomwe lija la dzulo. Pemphani kuona mbale ya mwana, botolo la ufa wa nsomba, mpondagiya ngati muli madzi. Mukapeza kuti sizinachitike, funsani chimene chinavuta. Mayankho ake amakhala enieni: mtedza unatha, agogo anakana, mwana analavula, nkhuni zinali zonyowa. Lililonse lili ndi njira yake. Wolavula ayesedwenso masiku angapo ndi pang'ono pokha, kwa agogo mupiteko nokha, pamene mtedza watha muyese ufa wa nandolo wokazinga kapena soya.

M'kope lanu, khomo lililonse likhale ndi mzere wake: magulu amene mwana anadya dzulo, kangati, mtundu umene tepi yaonetsa, ndi chinthu chimodzi chimene mwagwirizana. Chakale chikakhazikika ndi pamene muwonjezere china. Manambala amenewa mupite nawo ku msonkhano wa pachipatala ndi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo amfumu muwauze makomo angati asintha mwezi umenewo. Tsiku lodzabweranso mulilembe mayiyo akuona, m'buku la mwana momwe, ndipo likhale lisanafike tsiku la sikelo yotsatira.